Kukoka kwambiri si kuona bwino: sayansi ya scope ndi ma binoculars

Atakuikirani ma binoculars awiri patebulo, ena olembedwa 8x42, ena 20x50, n'kunena kuti sankhani amodzi mupite nawo kwanu, ambiri a inu mungatole a 20 mosazengereza. Palibe chodabwitsa. Tinazolowera kuti nambala ikakula ndiye kuti katundu ndi wamphamvu: foni ya ma gigabyte ambiri, batire la dzuwa la ma watt ambiri. Koma anthu amene amatha tsiku lonse m'tchire akufunafuna nyama ndi maso, nthawi zambiri amatola a 8 aja. Si umphawi ayi. Fizikisi imene mukuphunzira ku Fomu 3 ndi Fomu 4 ndi imene imawauza choncho.

Mkangano umenewu ndi waukulu pakati pa alenje a ku America amene amasaka elk. Elk ndi nyama ya ku North America, yaimuna imafika makilogalamu 300 kapena kuposerapo, ndiye kuti imaposa ngoma yathu koma siyifika pa ntchefu. Nyanga zake ndi zamphandamphanda ndipo zimathothoka chaka chilichonse n'kumeranso zina, pamene ngoma nyanga zake ndi zomwezo moyo wonse. Zambiri zimakhala m'mapiri a Rocky, m'madera ngati Colorado, Montana, Idaho ndi Wyoming. Boma la kumeneko limapereka ziphaso zosakira pa nyengo yoikika, ndipo alenje ena amasiya galimoto kumene msewu wathera n'kuyenda wapansi masiku angapo, atabereka tenti, chakudya, madzi ndi mfuti. Malo ena amene amafika ndi okwera mamita 3,000, ngati pansonga pa Sapitwa ku Mulanje. Funso limene amakanganirana ndi lakuti pamwamba pa mfutiyo aike scope yotani: chimkulu chokoka mpaka ka 25, cholemera pafupifupi kilogalamu yathunthu, kapena kakang'ono kokoka ka 3 mpaka ka 9, kolemera magalamu 300 kapena 400?

Tigwirizane kaye chimodzi. Kuno kwathu kusaka m'malo otetezedwa ndi mlandu, ndipo kuyambira 2017, pamene lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso, wopha nyama ngati njovu kapena chipembere atha kukakhala kundende zaka mpaka 30. Kusunga mfuti popanda chiphaso nakonso ndi mlandu. Ndiye pano sitikuphunzitsana ulenje. Nkhani ndi yakuti scope ndi katelesikopu basi. Malamulo amene amailamulira ndi omwewo amene amalamulira ma binoculars a mlonda wa nyama ku Liwonde, maikulosikopu ya mu labu ya pasukulu panu, ngakhalenso kamera ya foni. Alenje a elk angotipatsa chitsanzo chabwino chifukwa iwo akasankha molakwika, zotsatira zake zimaonekera pompo.

Manambala aja akutanthauza chiyani?

Nambala yoyamba, imene imatsatana ndi x, ndi kakokedwe. 8x ndiye kuti chinthu chimene chili pa mamita 80 chioneka ngati chili pa mamita 10. Nambala yachiwiri ndi kukula kwa lenzi yakutsogolo, kuchoka mbali ina kufika mbali ina, m'mamilimita. Scope yolembedwa 3-9x40 ili ndi lenzi yakutsogolo ya mamilimita 40, ndipo ili ndi kamkombero kamene mukapotokola kakokedwe kamasintha kuyambira ka 3 mpaka ka 9.

M'kati mwake mulibe matsenga. Lenzi yakutsogolo imasonkhanitsa kuwala n'kupanga kachithunzi kakang'ono m'kati mwa chubu. Lenzi yakumbuyo, ya kudiso, imagwira ntchito ngati galasi lokuzira zilembo: mumaonera kachithunzi kaja. Kakokedwe mumakapeza pogawa focal length ya lenzi yakutsogolo ndi focal length ya lenzi yakumbuyo. Yakutsogolo ikakhala ya masentimita 20, yakumbuyo ya masentimita 5, mwapeza 4x. Kapangidwe kameneka anakafotokoza Johannes Kepler mu 1611. Vuto lake chithunzi chimaoneka chozondoka, miyendo m'mwamba. Woyang'ana nyenyezi alibe nazo ntchito, nyenyezi ilibe mutu ndi miyendo. Koma woyang'ana njati sangalole, n'chifukwa chake mu scope amaikamo malenzi ena pakati oti atembenuze chithunzicho, pamene mu ma binoculars amaikamo ma prism.

Mpaka apa, kukoka kwambiri kukuoneka ngati phindu lokhalokha. Koma kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengo woyamba ndi umene anthu ambiri saudziwa mpaka ataika diso.

Dziko limachepa

Chithunzi chimene mumaona mu scope kapena mu ma binoculars ndi bwalo lozungulira, ndipo bwalolo silikula. Mukakuza zinthu zili m'katimo, zina ziyenera kutuluka kuti zotsalazo zikwane. Zili ngati mbale: mukaikamo mbatatesi zikuluzikulu za ku Tsangano, zilowa zochepa kusiyana ndi mtedza.

Tiike manambala. Scope wamba ikakhala pa 3x, pa mtunda wa mamita 100 mumaona malo otambalala pafupifupi mamita 12. Mukapotokola kufika pa 9x, mwakoka katatu kuposa poyamba, ndiye malo aja atsika katatu: mamita 4. Scope yokoka ka 18 ikupatsani pafupifupi mamita 2 okha. Ndipo kumbukirani masamu a area. Bwalo likachepa katatu m'mimba mwake, malo ake onse achepa ka 9. Pa 18x mukuona gawo limodzi mwa magawo 36 a dziko limene mumaona pa 3x. Magawo 35 enawo ali bii, ngati kulibe.

Tsopano nyama ithamange. Tisatenge liwiro lalikulu, tingoti makilomita 36 pa ola, amene ndi mamita 10 pa sekondi. Bwalo la mamita 12 ilidutsa pa sekondi imodzi ndi kanthu, nthawi yokwanira kuti diso liione ndipo manja ayambe kuitsata. Bwalo la mamita 2 ilidutsa pa 0.2 ya sekondi. Mungoona kanthu kofiirira kati psiti, basi. Ndipo zimenezi ndi za pa mamita 100. Nyama ikakhala pa mamita 30, monga zimachitikira m'nkhalango yowirira, bwalo la 18x limangokwana masentimita 60. Muona ubweya wokhawokha, osadziwa ngati ndi phewa, ntchafu kapena khungwa la mtengo.

Amene munalowapo m'nkhalango ya Dzonzi kapena ya Mvai mukudziwa kuti pakati pa mitengo ya mombo ndi masuku diso silipita patali. Mitengo, miyala, udzu wautali, zigwa. Gwape akadzuka, amadzukira pafupi, ndipo akangolumpha kawiri wasowa. Mapiri a elk nawo malo ambiri ndi otero, kungoti mitengo yake ndi ya paini. Mlenje amene wanyamula scope yomwe kakokedwe kake kochepetsetsa ndi ka 6, akakumana ndi elk pa mamita 40 amavutika ngakhale kuipeza m'galasimo. N'chifukwa chake odziwa amayang'ana kwambiri nambala yoyambirira, 2 kapena 3, osati yomalizira, ndipo poyenda amasiya kamkombero kaja pa nambala yotsikitsitsa.

Pali china choopsa kuposa kuphonya. Munthu amene akuona mamita 2 okha sakuona chimene chili pambali pa nyamayo kapena kumbuyo kwake: mwana wa nyama, nyama ina imene chiphaso chake sichikumulola, kapena munthu mnzake. Chipolopolo chikatuluka sichibwerera. Kwa alonda a nyama, amene ambiri timangoti a gemu, ngozi yake imabwera mwa mtundu wina. Ku Liwonde, kumene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, kuli njovu, njati, zipembere, ndipo mu 2018 anabwezeretsako mikango. Mlonda amene wadzaza diso lake lonse ndi khutu la njovu imodzi, sakuona inzake imene ikutuluka m'tchire kumanzere. Iye sakufuna kuwerenga makwinya a pakhungu. Akufuna kudziwa kuti zilipo zingati, zalowera kuti, ndipo pali kamwana kapena ayi.

Vutoli ndi lakale ngati telesikopu yeniyeniyo. Mu 1608 Hans Lippershey wa ku Netherlands anapempha boma kuti limuzindikire ngati mwini luso la galasi loonera patali. Chaka chotsatira Galileo anapanga yake, ndipo posakhalitsa anafika pa telesikopu yokoka pafupifupi ka 20. Bwalo lake linali laling'ono moti mwezi wathunthu sunkakwanamo. Ankauona chigawochigawo, n'kumasuntha chubu pang'onopang'ono.

Mutha kuzimva nokha popanda lenzi iliyonse. Pindani pepala likhale chubu chotalika masentimita 30, chotambalala masentimita 3. Mukasuzumiramo ndi diso limodzi, pa mamita 100 muona malo a mamita 10, chifukwa 3 pa 30 ndi chimodzimodzi 10 pa 100. Pitani nacho kubwalo anzanu akamasewera mpira, muyese kutsata mpirawo. Zivuta koma zitheka. Kenako tsekani kutsogoloko ndi kapepala kamene mwaboola kabowo ka mamilimita 6. Tsopano mukuona mamita 2 okha. Tsatiraninso mpira uja tione. Chubucho sichikukuza kanthu, koma chikukuonetsani chimene munthu amataya akasankha 18x.

Ndi chifukwa chomwechonso aphunzitsi a Bayoloje amakakamira kuti pa maikulosikopu muyambe ndi lenzi ya x4, mupeze chimene mukufuna, muchiike pakati, kenako mupite pa x10, kenako x40. Amene amathamangira pa x40 amatha piriyodi yonse akusakasaka khungu la anyezi limene lili pamphuno pawo pomwepo.

Chilengedwe nacho chinasankha kale. Gwape, mbawala ndi ngoma maso awo ali m'mbali mwa mutu, moti amaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi. Nyama imene imadyedwa ndi zinzake sifunika kuona ndevu za nyalugwe bwinobwino, imangofunika kudziwa msanga kuti kwagwedera udzu. Makolo athu achingoni popita ku uzimba ndi agalu, mikondo ndi zibonga, ankadalira maso awiri opanda galasi, amene amaona pafupifupi madigiri 180 kuchoka kumanja kufika kumanzere. Scope ya 3x imakusiyirani madigiri 7 okha. Ndiye ngakhale kakokedwe kochepako n'kodula kale.

Manja sakhala phee

Tambasulani dzanja, mulozetse chala pa msomali wa pakhoma. Chikugwedera, eti? Palibe munthu amene manja ake amaima nji. Minofu imanjenjemera pang'ono nthawi zonse, mtima ukugunda, chifuwa chikukwera n'kutsika. Galasi lokoka silisankha choti likuze. Limakuza nyama, limakuzanso kunjenjemerako.

Tinene kuti manja anu agwedera ndi 0.1 ya digiri, kamene ndi kakang'ono kwambiri. Pa 8x, diso liona ngati chithunzi chalumpha ndi 0.8 ya digiri. Pa 20x chilumpha madigiri 2. Kuti mumvetse kukula kwake, mwezi wathunthu kumwamba umatenga theka la digiri, ndiye chithunzi chanu chikuvina mtunda wokwana miyezi inayi yondondozana. Tinthu tating'ono timene 20x imayenera kukuonetsani timasowera m'kuvinako. N'chifukwa chake ma binoculars ogwira ndi manja nthawi zambiri amalekezera pa 10x, ndipo a m'sitima zapamadzi amakonda 7x50, poti kuwonjezera pa manja, bwato nalo likuyendayenda.

Apa pali mfundo ina imene imasokoneza ngakhale akuluakulu. Kwa mlenje, scope yokoka kwambiri siyiwonjezera kugwedera kwenikweni kwa mfuti. 0.1 ya digiri ndi masentimita 17 pa mamita 100, kaya ayang'ana pa 3x kaya pa 20x. Chimene chimasintha ndi mmene munthuyo akumvera. Akaona kamtanda ka m'galasi kakuzungulirazungulira ngati ntchentche, amayamba kulimbana nako, amaumitsa minofu, ndipo minofu youma imanjenjemera kwambiri. Onjezerani kuti wangokwera kumene chitunda pa mamita 3,000, kumene mpweya ndi wochepa, ali wefuwefu, mtima ukugunda ka 140 pa mphindi. Yerekezani kuti mwathamanga kukwera phiri la Ntcheu, n'kukupatsani singano kuti mulowetsemo ulusi pomwepo. Zotsatira zake nthawi zambiri si kuphonya chabe, koma nyama yovulala imene ikafere kutali patapita masiku, chinthu chimene ngakhale alenje eni ake amachiona ngati chamanyazi.

Kuwala kwa chisisira

Nyama zambiri zimayenda m'bandakucha ndi chisisira, masana zili gone pamthunzi. Ndiye galasi labwino liyenera kugwira ntchito kuwala kukakhala kochepa. Apa ndi pamene nambala yachiwiri ija imalowa.

Tengani ma binoculars, muwatalikitse ndi nkhope yanu, muwalozetse kumtambo koyera, kutali ndi dzuwa. Pa lenzi yakumbuyo muona kabwalo kowala. Kuwala konse kumene kwalowa kutsogolo kumatulukira pa kabwalo kameneko, ndipo dzina lake m'mabuku ndi exit pupil. Kukula kwake mumakupeza pogawa nambala yachiwiri ndi yoyamba. Pa 8x42, ndi 42 kugawa ndi 8, mamilimita 5.25. Pa 20x50, ndi mamilimita 2.5.

Tsopano diso lanu. Mwanadiso, kabowo kakuda kapakati kaja, amasintha kukula. Masana dzuwa likuswa mtengo amakhala mamilimita 2 kapena 3. Mumdima, kwa wachinyamata ngati inu, amatseguka mpaka pafupifupi mamilimita 7, ndipo akamakalamba munthu nambalayi imatsika. Masana, ma binoculars awiri aja aoneka owala chimodzimodzi, chifukwa mwanadiso ndi wamng'ono kale ndipo onse awiri akumudzaza. Apa ndi pamene wogula amapusitsika, poti amayesera masana, pamsika. Dikirani dzuwa lilowe kuseri kwa mapiri a Kirk. Mwanadiso watseguka kufika pa 5 kapena 6, akufuna kuwala. A 8x42 akumupatsa kabwalo ka 5.25, a 20x50 akumupatsa ka 2.5. Gawani, mupeza 2.1, ndipo poti ndi nkhani ya area muchulukitse 2.1 ndi 2.1. Chithunzi cha a 8x42 ndi chowala kuposa kanayi.

Kabwalo kakang'ono kali ndi vuto linanso: diso liyenera kukhala ndendende kumbuyo kwake. Mukangosuntha mutu pang'ono, mdima. Scope ya 3-9x40 ikakhala pa 4x, kabwalo kake ndi ka mamilimita pafupifupi 10, kotakasuka moti diso limakapeza msanga ngakhale munthu atagwada mopendekeka pamwala. Ikakhala ya 20x ndi lenzi yomweyo ya 40, kabwalo ndi ka mamilimita 2. Kukasaka kameneko mothamanga, nyama ikuchoka, ndi ntchito.

Wina anena kuti basi tikuze lenzi yakutsogolo. N'zotheka. Kuti 20x ikupatseni kabwalo ka mamilimita 5, mufunika lenzi ya mamilimita 100, yotambalala ngati pakamwa pa kapu yaikulu ya tiyi. Area yake ndi yoposa kasanu ya lenzi ya 42, ndipo iyeneranso kukhala yochindikala, ndi chubu chachikulu choigwira. Mwathetsa vuto la kuwala, mwagula vuto la kulemera.

Tisanafike kumeneko, mpweya nawo uli ndi mawu. Mu Okutobala mukaima pamsewu wa M1 masana, kutsogolo kumaoneka ngati pathiridwa madzi, ndipo mukayang'ana kumunsi ku chigwa cha Bwanje zinthu zimachita ngati zikuvina. Mpweya wotentha ndi wozizirirapo zimapinda kuwala mosiyana, ndipo zikamasakanikirana njira ya kuwala imakhotakhota. Galasi la 20x limakuza kuvina kumeneku ka 20. Ngakhale lenzi yake ikhale yodula bwanji, mpweya wa pakati pa inu ndi chinthucho sungagulidwe.

Magalamu 600

Kusiyana kwa scope yaikulu ndi yaing'ono ndi pafupifupi magalamu 600, kuposa pang'ono botolo la madzi la theka la lita. Kodi n'zoona kuti zimenezi zingatopetse munthu wamkulu? Tiwerengere ndi fomula imene mukuidziwa, mgh. Kukweza makilogalamu 0.6 pa chitunda cha mamita 1,000 ndi 0.6 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 1,000, ma joule 6,000. Minofu yathu imasandutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya chakudya kukhala ntchito, ndiye thupi liwononga ma joule 24,000. Kasupuni kamodzi ka shuga kali ndi ma joule pafupifupi 68,000. Ndiye kuti kukweza scope yolemerayo phiri lonse sikukwana n'theka lomwe la kasupuni ka shuga!

Ndiye alenje aja akungodandaula? Ayi. Fomulayo ndi yolondola, koma ikuyankha funso lina. Mgh imawerenga ntchito yokweza katundu m'mwamba. Siyiwerenga kutopa kwa minofu imene yagwira katundu osamusuntha. Mayi wosenza ndowa ya malita 20 pamutu atha kuyenda kuchokera kumjigo mpaka kunyumba akucheza, chifukwa kulemerako kwadutsa m'mafupa a msana molunjika mpaka pansi. Mupatseni botolo la lita imodzi kuti aligwire dzanja litatambasuka, posakhalitsa dzanja litopa. Pa mgh sanagwire ntchito iliyonse, poti botolo silinakwere. Koma moment, imene ndi force kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera paphewa, ndi yaikulu, ndipo minofu ikudya mphamvu kuti ilimbane nayo.

Scope ndi ma binoculars ndi katundu wa m'manja, wa paphewa limodzi ndi wa m'khosi, osati wa pamutu. Komanso scope imakhala pamwamba pa mfuti. Ikalemera, centre of gravity imakwera, ndipo chinthu chonsecho chimafuna kupendekeka. Lenzi yakutsogolo ikakula, scope iyenera kukwezedwa m'mwamba kuti isagunde mpope wa mfuti, ndiye centre of gravity yakweranso. Ndipo magalamu 600 sabwera okha. Munthu akalola 600 pa scope, alolanso 600 pa tenti, 600 pa nsapato, mpaka chikwama chakwera ndi makilogalamu 5. Kumbukiraninso kuti mlenje wa elk akapha, palibe galimoto. Nyama yokhayokha, atachotsa mafupa, imayandikira makilogalamu 100, ndipo ayenera kuitsitsa pamsana maulendo angapo isanawole.

Kwa mlonda wa ku Liwonde, Majete kapena Nkhotakota amene amayenda wapansi maola ambiri pa dzuwa, nkhani yake ndi yosavuta: ma binoculars olemera amathera m'chikwama, ndipo ma binoculars a m'chikwama saona kanthu. Opepuka amakhala pachifuwa, dzanja limawafikira nthawi iliyonse.

Pali kanthu kamodzi ka scope kokha kamene ma binoculars alibe. Mfuti ikakankha chipolopolo kutsogolo, chipolopolo nacho chimakankha mfuti kumbuyo, lamulo lachitatu la Newton. Scope ikakhala pafupi ndi diso imatema pachikope. Ndiye amaipanga kuti chithunzi chizioneka diso lili masentimita 8 kapena 10 kumbuyo. Pa ma scope ambiri mpata umenewu umachepa mukakweza kakokedwe, moti munthu amasendeza nkhope kutsogolo osazindikira.

Nanga kukoka kwambiri kulibe ntchito?

Kuli nayo, bola zinthu zitatu zikhalepo: chinthu chili patali, sichikuthamanga, ndipo galasi lakhazikika pa miyendo itatu osati m'manja. Woyang'ana nyenyezi ali nazo zonse zitatu. Wowerenga mbalame zam'madzi tsidya lina la Shire alinso nazo. Alenje a elk omwewo ena amanyamula katelesikopu kapadera ka miyendo itatu koti akakhala paphiri aziunguzira tsidya lina la chigwa, koma pamfuti amasiya yaing'ono. Mfundo yawo ndi yomveka. Pa 4x, nyama yaikulu ngati ng'ombe imene ili pa mamita 300 ioneka ngati ili pa mamita 75, osakwana n'kutalika kwa bwalo la mpira. Ngati ng'ombe ya kugolo linalo mumaiona bwinobwino ndi maso, 25x mukuifuniranji? Ndipo nyama ikatalikira kuposa apo, vuto silikhalanso kuona. Chipolopolo chimagwa ndi gravity, mphepo imachikankha, ndipo scope singasinthe zimenezo. Imangomupatsa munthu mtima woti awombere pamene samayenera kuwombera. Ine ndimaona kuti vuto lalikulu la kukoka kwambiri ndi limeneli: chinthu chimaoneka pafupi chili patali.

Madokotala a nyama amadziwa bwino za mtunda. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pozigoneka ankazibaya mankhwala ndi mfuti ya jakisoni ali mu helikopita. Jakisoniyo amauluka pang'onopang'ono poyerekeza ndi chipolopolo, ndiye ayenera kuyandikira kwambiri. Helikopita ikugwedera, njovu zikuthamanga, ndipo banja lonse liyenera kugona pamalo amodzi kuti mwana asasiyane ndi make. Pa zinthu zitatu zija palibe ndi chimodzi chomwe. Chofunika pamenepo ndi kuona gulu lonse.

Mwina kalabu yanu ya zachilengedwe, ngati zija zimagwira ntchito ndi WESM, yasonkha kandalama koti mugule ma binoculars oonera mbalame ku damu la Mpira kapena paulendo wa ku Liwonde. Funani 8x32 kapena 8x42, kaya 7x35. Ndipo manambala a pabokosi musawakhulupirire msanga. Mukaona tima binoculars tokwana m'thumba la shati tolembedwa 60x60, tulutsani rula. Ngati lenzi yakutsogolo siyikukwana masentimita 6, nambala yachiwiriyo ndi yabodza, ndipo yoyambayo musaiyembekezere kukhala yoona. Kakokedwe nako mutha kukayeza: yang'anani khoma la njerwa, diso limodzi m'galasi, lina kunja, muwerenge kuti njerwa imodzi ya m'galasi yaphimba njerwa zingati za kunja. Zikakhala 7, ndi 7x, kaya bokosi likuti chiyani.

Foni nayo musaitame. Mukatambasula zala pa sikirini, mafoni ambiri sasuntha lenzi iliyonse. Amangodula pakati pa chithunzi n'kupatambasula, n'chifukwa chake chimaoneka chophwanyikaphwanyika. Bwalo lachepa, kunjenjemera kwakula, koma palibe chatsopano chimene mwaona.

Ngati labu yanu ili ndi ma convex lens, pemphani awiri, ina ya masentimita 20, ina ya masentimita 5. Yaifupiyo ikhale kudiso, inayo kutsogolo, zitalikirane pafupifupi masentimita 25, ndipo musunthe pang'onopang'ono mpaka mtengo wakutali uoneke bwino, uli chozondoka. Imeneyo ndi 4x. Kenako sinthani yakutsogolo, muike ya masentimita 50, mpata ukhale 55. Mwafika pa 10x, ndipo muona nokha kuti mtengo uja kuupeza kwavuta, ukapezeka sukhazikika, ndipo mkono wakutsogolo wayamba kale kuwawa. Chimodzi chokha: musalozetse malenziwo kudzuwa, ngakhale mongoyesa. Lenzi imene imayatsa pepala imawotchanso m'kati mwa diso, ndipo pamene papsa sipachira.